Duwa Limene Timathena

Ku Kasungu duwa la fodya silikhalitsa. Cha mu Januwale ndi Febuluwale, mvula itakhazikika ndipo fodya wafika pachifuwa, nsonga yake imatulutsa kamulu ka timaluwa tosatsegula. Mlimi sadikira kuti aone maonekedwe ake. Amalowa m'munda mame asanakamuke, mzere ndi mzere, n'kumathyola nsongazo, dzanja likuda ndi phula lomata lija limene sopo amalephera. Ntchito imeneyi timati kuthena. Chifukwa chake aliyense wa kwa Santhe, kwa Wimbe kapena kwa Chulu amachidziwa: chakudya chimene chikanapita ku duwa ndi njere chibwerere ku tsamba, tsamba likule, lilemere, likapikisane ku okushoni ya ku Chinkhoma. Pakapita masiku owerengeka mphukira zimatuluka m'khwapa mwa masamba, nazonso zofuna kuchita maluwa, ndipo nazonso zimazulidwa.

Koma m'munda uliwonse mumakhala mtengo umodzi kapena iwiri imene dzanja linaidumpha. Imeneyo ndiyo imaonetsa zimene timataya. Duwa la fodya ndi lalitali ngati kalipenga, kumunsi kwake kuli kobiriwira motuwa, kukamwa kwake kuli nsonga zisanu za mtundu wa pinki. Mukaika pamodzi maluwa a mitengo ingapo mudzaona kuti pinkiyo si mmodzi. Wina ndi wothima ngati wachapidwa kangapo, wina wakhwima mpaka kuyandikira kufiira. Mbiri ya mmene anthu anadziwira chifukwa chimene maluwa a pabwalo amasiyanira mitundu imadutsa pa duwa limeneli ndi abale ake kangapo konse, mwakuti kuifotokoza tili ku Kasungu si kukakamiza nkhani.

Kwawo kwa fodya ndi ku South America, m'mphepete mwa mapiri a Andes, dera limene lero kuli Bolivia ndi kumpoto kwa Argentina. Fodya amene timalimayu, Nicotiana tabacum, ndi mwana wa mitundu iwiri ya fodya wa kutchire imene inakwatirana yokha kalekale, munthu asanayambe kugwira khasu. Kholo lina, Nicotiana sylvestris, lili ndi maluwa oyera aataliatali onunkhira usiku, ndipo mpaka lero anthu a ku Ulaya amalidzala pabwalo chifukwa cha maluwawo. Linalo, Nicotiana tomentosiformis, maluwa ake ndi afupiafupi, ofiirira. Mwana anatenga kuyera kwa uyu ndi kufiirira kwa uyo.

Kutchire mtundu wa duwa umakhala chikwangwani choitanira alendo. Duwa loyera lonunkhira usiku limaitana agulugufe a usiku, amene mumdima amaona choyera msanga. Lofiira limaitana timbalame toyamwa timadzi totsekemera. La pepo kapena la chikasu limakopa njuchi. Mlendo akamamwa, mungu umam'matirira, n'kukautula pa duwa lina. Ndipo utoto umene chomera chimalembera chikwangwanichi uli m'magulu atatu okha, onse opezeka kukhitchini kwathu. Loyamba ndi limene limafiiritsa madzi a chidede. Akatswiri amati anthocyanin, ndipo ndi lomwe lili m'duwa la fodya, ndi lomwenso limafiiritsa masamba anthete a mitengo ya m'nkhalango ya Kasungu mu Seputembala. Lachiwiri ndi chikasu cha m'kati mwa dzungu. Lachitatu ndi kufiira kwa bonongwe wofiira, kumene kumapezeka m'mabanja ochepa a zomera. Duwa loyera ndiye kuti mulibe utoto uliwonse, ndi mpweya wa m'kati mwake umene umabweza kuwala, monga thovu la sopo limayera ngakhale madzi ake alibe mtundu.

Azungu atafika ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 anatenga fodya, ndipo poyamba ena ankamudzala ngati mankhwala ndi chokongoletsa dimba. Jean Nicot, kazembe wa France ku Lisbon, anatumiza fodya kunyumba yachifumu ya kwawo cha m'ma 1560, ndipo dzina lake ndi limene Carl Linnaeus anakhazikitsa pa mtundu wonsewu mu 1753. Kwathu kuno fodya anabwera kudzera kunyanja yamchere ndi njira za malonda za Apwitikizi a ku Zambezi, ndipo makolo ankamulima kuseri kwa nyumba, wofwenkha ndi wa m'kaliwo, Azungu a Mangalande asanaponde dziko lino. Akatswiri ena a zilankhulo amati mawu akuti fodya anachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti folha, kutanthauza tsamba. Ngati zili zoona, ndiye kuti kuyambira pa dzina lomwe duwa tinalisiya kunja.

Munthu woyamba wodziwika kukwatitsa dala mitundu iwiri ya maluwa anali Thomas Fairchild, wogulitsa mbande ku London, cha m'ma 1717. Anthu anatcha duwa lakelo bulu wa Fairchild, poti silinkabereka. Koma amene anaigwira ntchitoyi mwadongosolo anali Joseph Kölreuter, Mjeremani, ndipo chomera chimene anasankha chinali fodya. Mu 1760 ali ku St Petersburg anatenga mungu wa Nicotiana paniculata n'kuupaka pa duwa la Nicotiana rustica. Mbewu imene inamera inaima pakati pa makolo ake pa kutalika, pa masamba ndi pa maonekedwe a duwa. Masiku amenewo ophunzira ambiri ankakhulupirira kuti mwana amakhala atapangika kale yense mwa kholo limodzi, linalo limangomudzutsa. Fodya wa Kölreuter anaonetsa kuti bambo ndi mayi onse amaikapo dzanja. Agogo athu akanamuseka kuti wavutikiranji ndi zimene mbuzi za m'khola zimaonetsa chaka ndi chaka, koma kudziwa chinthu ndi kuchiyeza n'kuchilemba ndi ntchito ziwiri.

Mu 1767 sitima za ku France zotsogozedwa ndi Louis-Antoine de Bougainville zinaima ku South America. M'ulendomo munali katswiri wa zomera Philibert Commerson ndi womuthandiza wake Jeanne Baret, mkazi amene anavala ngati mwamuna chifukwa akazi sankaloledwa m'sitima za boma. Ku Rio de Janeiro anatola chomera choyanga chaminga chimene anachitcha dzina la mtsogoleri wa ulendowo, boganivilia amene lero wakuta mipanda ya pa Kasungu boma. Chakumwera, kufupi ndi mtsinje wa La Plata, anatola kachomera ka masamba omata ndi maluwa oyera onunkhira usiku. Lamarck atakaona anati ndi fodya, n'kukalemba kuti Nicotiana axillaris. Pambuyo pake kanapatsidwa gulu lakelake, Petunia, koma dzinalo linachokeranso ku mawu akuti petun, amene eni dziko a ku Brazil ankatchulira fodya. M'zaka za m'ma 1830 alimi a maluwa ku Britain anakwatitsa petuniya woyerayu ndi mnzake wa pepo, ndipo kuchokera pa makolo awiriwo kunatuluka pinki, wofiira, wamizeremizere ndi ena onse amene amagulitsidwa m'timachubu m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe. Fodya weniweni naye analowa m'dimba la maluwa: mu 1903 kampani ya Sander ku St Albans inatulutsa fodya wa maluwa ofiira amene palibe amamusoka kapena kumupachika m'chigafa.

Chimene Kölreuter sanathe kufotokoza ndi chakuti zidzukulu zimabalalikiranji. Ana a makolo awiri amafanana, koma ana a anawo amatuluka osiyanasiyana, ena kubwerera kwa agogo. Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, anayankha funsoli powerenga nsawawa. Atakwatitsa ya maluwa a pepo ndi ya maluwa oyera, ana onse anali a pepo. Zidzukulu zinatuluka 705 za pepo ndi 224 zoyera, pafupifupi zitatu pa chimodzi. Kuyera kunangobisala, sikunasungunuke. Anasindikiza zimenezi mu 1866 ndipo dziko silinalabade mpaka 1900, pamene Carl Correns, Hugo de Vries ndi Erich von Tschermak anazifukula.

Correns ndiye amandifikitsa pakhomo pa azakhali anga. Iye anagwira ntchito ndi Mirabilis jalapa, duwa la ku America limene limatsegula dzuwa likapendeka, moti Azungu amalitcha duwa la folo koloko. Azakhali anali nalo m'mbali mwa khonde, atatchinga ndi njerwa zoimika chopendeka kuti nkhuku zisafukule. Njere zake ndi zakuda, zokakala ngati tsabola wouma, ndipo iwo ankazisunga m'bokosi la machesi. Chaka china anapempha njere kwa mnansi wawo amene anali ndi la pinki lokhalokha. Zitamera panatuluka pinki, panatuluka lofiira, panatulukanso loyera. Ndinawamva akuitana pampanda.

"Anabanda, mwandipatsa zosakaniza kodi? Ine ndimafuna lija la pakhomo panu."

"Ayi ndithu, Anaphiri, ndinatola ndekha pamtengo umodzi womwewo."

Onse ankanena zoona. Mwa duwa limeneli kufiira sikuphimba kuyera monga mwa nsawawa za Mendel. Lofiira likakwatirana ndi loyera, mwana amakhala wa pinki, ndipo pinkiyo amasunga mbali zonse ziwiri. Njere zake zikamera, pafupifupi mwa zinayi zilizonse imodzi imakhala yofiira, ziwiri za pinki, imodzi yoyera. Palibe mmene mayi wa pinki angaberekere pinki yekhayekha, ngakhale mutasankha njere zaka khumi. Azakhali sanakhutire, ndipo kwa nyengo yonse ya dzinja nkhaniyo inkabweranso pachitsime.

Maluwa amenewa anafika bwanji pa chigwa cha fodya? Ambiri anabwera ndi anthu omwe anabweretsa fodya wa malonda. John Buchanan, amene anayamba ngati wosamalira dimba la mishoni ya Blantyre, ndiye amatchulidwa kuti anayambitsa fodya wa Virginia, ndipo fodya woyamba anatumizidwa kunja mu 1893. Zaka zomwezo Alexander Whyte anatsegula dimba la boma la zomera ku Zomba mu 1891, loyeseramo mbewu za malonda ndi za maluwa zomwe. M'zaka za m'ma 1920 A. F. Barron ndi R. W. Wallace anakweza ulimi wa fodya wa chikopa kuchigawo chapakati, ndipo Native Tobacco Board inakhazikitsidwa mu 1926. Kasungu anadzuka mochedwerapo, ndi fodya wa m'mabani wa Colonial Development Corporation m'zaka za m'ma 1950, kenako Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, kenako maesiteti a Press ndi General Farming pa nthawi ya Kamuzu, amene kwawo kunali komweko. Alimi wamba analoledwa kulima bale kuyambira cha m'ma 1990.

Esiteti iliyonse inali ndi nyumba ya manijala, ndipo nyumba ya manijala inali ndi boganivilia, jakaranda, furanjipani ndi mabedi a maluwa othiriridwa ndi keni yomwe ya kunazale. Chimodzimodzi mishoni, sukulu ndi chipatala. Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981 inakhala ngati chionetsero cha kapinga ndi maluwa pakati pa minda. Koma sindikhulupirira kuti mbiri ya maluwa a m'midzi yathu ndi ya mabwana. Ndi ya anyamata a m'dimba amene ankaika kanthambi m'thumba poweruka, ya amayi a mvano opatsana timitengo potuluka m'tchalitchi, ya matenanti ochokera ku Mulanje ndi Thyolo amene ankadzala duwa m'chitini cha mafuta ophikira pakhomo pa kanyumba koti adzakasiya nyengo ikatha. Maina a Chingerezi anatayika m'njira. Duwa limadziwika ndi mwini wake: lija la kwa abusa, lija la ku esiteti.

Anthu amenewa anazindikira msanga lamulo limene azakhali analiphunzira mowawa. Ukafuna mtundu womwewo, tenga nthambi, usatenge njere. Nthambi ndi thupi lomwelo la mayi, monga phesi la chinangwa kapena kholowa wa mbatata, choncho boganivilia wa pepo amabereka wa pepo kulikonse kumene wapita. Tinene apa kuti chimene timachitcha duwa pa boganivilia ndi masamba atatu opakidwa utoto wa gulu la bonongwe lija. Duwa lenileni ndi kanthu koyera kali pakati. Komabe nthawi zina nthambi imodzi imapanduka. Pamtengo wofiira pamatuluka nthambi ya olenji, ndipo ukaidula n'kuidzala imakhalabe ya olenji. Mitundu yambiri yotchuka inabadwa chotero. Wofiira wotchedwa Mrs Butt, amene anapezeka m'dimba la ku Cartagena ku Colombia mu 1910, anatulutsa nthambi za olenji ndi za chikasu m'maiko osiyanasiyana, ndipo ku India kunapezeka Mary Palmer, amene amachita maluwa oyera ndi a pepo pamtengo umodzi. Mukaona mpanda wa mitundu iwiri yochokera pa tsinde limodzi, musafulumire kunena kuti wina anamezanitsa.

Palinso mawanga amene ndi matenda. Ku Holland m'zaka za m'ma 1630 anthu anapenga ndi duwa la tulip lokhala ndi malawi ofiira pa zoyera, mpaka anyezi wake mmodzi ankafika pa mtengo wa nyumba, msika usanagwe mu Febuluwale 1637. Palibe ankadziwa chimene chimabweretsa malawiwo, kungoti mitengo yokongola kwambiri inali yofooka. Mu 1928 Dorothy Cayley ku England anaonetsa kuti mawangawo amapatsirana, ndipo zinadziwika kuti ndi kachilombo kofalitsidwa ndi nsabwe za zomera. Koma njira yomvetsera tizilombo totere inatsegulidwa ndi fodya. Adolf Mayer mu 1886, Dmitri Ivanovsky mu 1892 ndi Martinus Beijerinck mu 1898 anafufuza matenda a mawanga a tsamba la fodya, ndipo Beijerinck ndiye anagwiritsa ntchito mawu akuti vayirasi pa chinthu chodutsa m'sefa imene mabakiteriya sadutsa. Mlangizi akamakalipira munthu wosuta chingambwe m'nazale, kapena akamaumiriza kuti mapesi a fodya azulidwe kukolola kukatha, akulimbana ndi gulu lomwelo la adani. Wa tulip analipira chuma chake chonse kugula mawanga amene mlimi wa fodya amalira akawaona.

Mawanga ena ndi a m'magazi. Aliyense amene anatonolapo chimanga cha makolo waonapo njere zamathothomathotho, zoyera zokhala ndi timadontho ta pepo. Barbara McClintock, ku Cold Spring Harbor ku America, anakhala zaka za m'ma 1940 akuyang'ana njere zotere, n'kupeza kuti tizidutswa tina ta malangizo a m'thupi la chomera timadumpha malo. (Ophunzira amati majini, mawu amene kwathu kuno amaimitsa tsitsi pa zifukwa zina.) Kachidutswa kakatera pakati pa jini yopanga utoto, utoto umazima, kakadumphanso, utoto umabwerera pamalo pomwepo pokha. Anthu anachedwa kumukhulupirira, ndipo mphoto ya Nobel anailandira mu 1983. Mizere ya pa maluwa ambiri a pabwalo, imene imachititsa kuti pamtengo umodzi pasapezeke maluwa awiri ofanana, imachokera pa kudumpha kotereku.

Lantana, amene anabwera ngati duwa la mpanda n'kuthawira kutchire kumene tsopano akutsamwitsa msipu, ali ndi njira yakeyake. Kamulu kamodzi kamakhala ndi timaluwa ta chikasu pakati ndi ta pinki kapena tofiira m'mbali. Ta chikasu ndi tatsopano, tili ndi timadzi. Tikalandira mungu timasintha mtundu, ndipo agulugufe amaphunzira kupita pa chikasu. Fritz Müller anaona zimenezi ku Brazil n'kulembera Charles Darwin mu 1877. Hydrangea ndiye amamvera nthaka: m'dothi la asidi ngati la tiyi ku Mulanje amachita buluu, m'dothi lothiridwa laimu amachita pinki, mtengo womwewo.

Chigawo chomaliza cha mbiriyi ndi cha petuniya, msuweni wa fodya uja. Petuniya mwachibadwa satha kupanga olenji. Mu 1987 Peter Meyer ndi anzake ku Max Planck Institute ku Cologne anamuika jini ya chimanga, ndipo anachita maluwa a mtundu wa njerwa. Mu 1990 Carolyn Napoli ndi Richard Jorgensen ku California anafuna petuniya wa pepo wakuda bii, choncho anawonjezera jini yopanga utoto pamwamba pa imene inalimo kale. M'malo mwakuti utoto uchuluke, mitengo yambiri inachita maluwa oyera kapena a zigamba zoyera. Chomera chinazimitsa jini yachilendo ndi yake yomwe. Kulephera kumeneku kunali chimodzi mwa zizindikiro zoyamba za njira imene zamoyo zimatsekera pakamwa majini awo, imene Andrew Fire ndi Craig Mello anaifotokoza mu 1998 pogwiritsa ntchito nyongolotsi, n'kulandira Nobel mu 2006. Petuniya wa olenji uja, wa jini ya chimanga, naye sanathere m'labotale. Mu 2015 katswiri wina, Teemu Teeri, anamuona m'mabedi a pa siteshoni ya sitima ku Helsinki, n'kudabwa poti ankadziwa kuti mtundu umenewo sungabwere wokha. Atayeza anapeza jini ya chimanga. Mu 2017 ogulitsa maluwa ku Ulaya ndi ku America anauzidwa kuti awononge mbande zambirimbiri zimene zinakhala zikugulitsidwa kwa zaka popanda chilolezo.

Ku Kasungu malo okhawo amene duwa la fodya limaloledwa kukhwima ndi m'munda wa mbewu. Kumeneko nsonga imavekedwa thumba isanatsegule, kuti njuchi isabweretse mungu wa kwa mnansi, ndipo popanga haibulidi antchito amapaka mungu ndi dzanja, duwa limodzilimodzi, monga Kölreuter ankachitira. Njere zake ndi ngati fumbi, zoposa 10,000 pa galamu imodzi, n'chifukwa chake pofesa amazisungunula m'keni ya madzi. Alangizi a ARET, bungwe limene lili ndi sukulu ya ulimi ku Mwimba, amaletsa kusunga njere za haibulidi kuti udzafese chaka chamawa, ndipo chifukwa chake ndi chija cha pampanda wa azakhali: zidzukulu zimabalalika, munda umatuluka wautali ndi waufupi, wopirira matenda ndi wosapirira.

Azakhali anadzasiya kulimbana ndi njere. Anazindikira kuti duwa lawo lija lili ndi chitsinde pansi ngati mbatata yakuda, chimene chimagona chilimwe chonse n'kuphukanso mvula yoyamba ikagwa. Tsiku lina mu Okutobala anapita kwa Anabanda ndi khasu, nakumba chitsinde cha pinki, n'kubwera nacho atachikulunga m'chiguduli cha saka ya fodya. Mu Disembala chinachita pinki yekhayekha. Njere zimene chinagwetsa zinamera zokha m'mbali mwa njerwa chaka chotsatira, zofiira, zoyera ndi za pinki, ndipo iwo ankazula zofiira ndi zoyerazo n'kupatsa aliyense wodutsa amene wayamikira.